Timabuku ta pachipata cha Hampden

Ku Britain munthu akamalowa m'bwalo la mpira amakumana ndi wogulitsa kabuku ka masewero a tsikulo. M'kabukumo mumakhala mayina a osewera, mawu a akuluakulu a timu, zotsatira za masabata apitawo ndiponso malonda a masitolo a m'deralo. Ambiri amakapinda, kukaika m'thumba, n'kukataya potuluka. Ochepa amakasunga m'katoni, ndipo wofuna kudziwa amene ankavala malaya a timu ya Queen's Park ya mumzinda wa Glasgow, ku Scotland, amathandizidwa kwambiri ndi makatoni amenewa.

Queen's Park idakhazikitsidwa mu 1867, ndipo kwa zaka 152 idakana kulipira osewera ake. Sikuti idali timu yamasewera. Pamene Scotland idakumana ndi England koyamba pa 30 Novembala 1872, osewera onse 11 a Scotland adali a Queen's Park. Timuyi idatenga chikho cha Scottish Cup kakhumi, komaliza mu 1893, chaka chomwe Scotland idaloleza kuti osewera azilandira malipiro. Anzake adatsata ndalama. Iyo idakhalabe pa mwambo wake, ndipo chikhocho sichidabwerenso. Chomwe idatsala nacho ndi bwalo la Hampden Park, lotsegulidwa mu 1903, momwe m'zaka zaposachedwa inkasewera pamaso pa anthu mazana ochepa, mipando yoposa 50,000 ili mbee.

Timu yotere simanga munthu ndi malipiro. Mnyamata amabwera, amasewera chaka chimodzi kapena ziwiri, akaoneka bwino ena amamutenga. Nyuzipepala nazo sizitaya malo ambiri pa masewero a m'magulu apansi. Motero kabuku ka pachipata kamasanduka mboni. Mu 1958 mnyamata wa zaka 16, Alex Ferguson, adasewera koyamba m'timu yaikulu ya Queen's Park pokumana ndi Stranraer, ndipo adagoletsa chigoli ngakhale timu yake idagonja. Mu 2012 padatulukira wina wotchinga kumanzere, Andy Robertson, amene Celtic idamusiya ati ngochepa thupi. Mu 2019 adanyamula chikho cha Champions League ndi Liverpool. Wosindikiza mayina awo sankadziwa kuti akulemba mbiri. Ankangofuna kuti kabuku kafike pachipata mpira usanayambe.

Apa mpamene pali vuto la mboni imeneyi. Kabuku kamasindikizidwa masewero asanachitike, choncho kamanena amene ankayembekezeka kusewera, osati amene adasewera. Kwa anthu osalipidwa kusiyanaku n'kwakukulu: wina bwana wamukaniza kuchoka kuntchito, wina ali ndi mayeso. Ochemerera ena ankakhwatcha dzina ndi pensulo n'kulembapo lolowa m'malo mwake, pamodzi ndi zigoli. Ogula zinthu zakale amakonda kabuku koyera kopanda cholembedwa, koma kwa wofufuza mbiri kothimbirira ndi pensuloko ndiye kanena zoona.

Palinso zomwe mndandanda wa mayina sunena. Andrew Watson, wobadwira ku Demerara, m'dziko lomwe lero ndi Guyana, adasewera Queen's Park ndipo mu 1881 adatsogolera Scotland pogonjetsa England 6-1 ku London. Adali munthu wakuda. Dzina lakuti Watson pa pepala silisiyana ndi la mnyamata aliyense wa ku Glasgow, ndipo nkhani yake idaiwalika kwa zaka zambirimbiri kufikira pomwe ofufuza adayang'anitsitsanso zithunzi zakale za timuyo.

Mu Novembala 2019 mamembala a Queen's Park adavota kuti osewera ayambe kulipidwa. Adaona kuti anyamata omwe timu idawalera akuchoka popanda timuyo kupindula kanthu, ndiponso kuti ndalama zochokera ku Hampden zikutha, popeza bwalolo linkagulitsidwa ku bungwe la mpira la Scottish FA. Malondawo adatsirizika mu 2020. N'kovuta kuwadzudzula. Komabe voti imeneyo idatseka katoni: timabuku tonse ta nyengo ya osalipidwa tidasindikizidwa kale, ndipo kalikonse kotayidwa posesa m'nyumba ya malemu sikadzalowedwa m'malo. Mwambo wosindikiza nawonso ukufooka. Mu 2018 matimu a English Football League, kumwera kwa malire a Scotland, adagwirizana kuchotsa lamulo lowakakamiza kusindikiza kabuku pa masewero aliwonse, ndipo ena mwa iwo adasiyadi.