Khoka la pa intaneti silisankha nsomba

Nkhani za akuba a pa intaneti zikamveka, ambiri kuno ku Mangochi amati izo n'za mabanki a ku Blantyre ndi Lilongwe. Wa loji ku Cape Maclear kapena wa shopu ku Monkey Bay amati: “Ndili ndi chiyani ine choti hacker azindisaka?” Ine ndikuti maganizo amenewa ndi oopsa, chifukwa nthawi zambiri palibe munthu amene wakusankhani. Ndi makina ongokokolola chilichonse.

Intaneti ili ndi maadiresi a IPv4 pafupifupi 4.3 biliyoni. Mu 2013 akatswiri a pa University of Michigan adatulutsa ZMap, pulogalamu yotha kugogoda pa maadiresi onsewa ola lisanathe. Imayesa makomo otchedwa port: 22 wa SSH, 23 wa Telnet, 80 wa webusaiti. Chipangizo chikayankha, kawirikawiri chimadziulula chokha kuti ndi kamera kapena router, ya kampani yanji, pulogalamu yake ndi yakale bwanji. Kuzindikira chipangizo motere ndi komwe amati fingerprinting. Webusaiti ya Shodan yakhala ikusonkhanitsa mayankho oterewa kuyambira 2009, ndipo aliyense akhoza kufufuzamo.

Nanga zimadziwika bwanji? Akatswiri amatchera honeypot, kompyuta yoikidwa dala kuti izioneka yosatetezeka. Ili ngati nyali ya asodzi a usipa: ntchito yake n'kukopa basi. Poti palibe kasitomala amene amaigwiritsa ntchito, aliyense wogogoda amalembedwa: adiresi yake, password yomwe wayesa, komanso zomwe wafuna kuchita atalowa. Ena ogogodawa ndi ofufuza chabe. Ena ndi mtundu wa Mirai, pulogalamu yoipa ya mu 2016 yomwe inkalowa m'makamera ndi ma router poyesa ma password a kufakitale pafupifupi 60, monga admin. Mu October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zidaukira kampani ya Dyn, anthu ambiri n'kulephera kutsegula Twitter ndi Netflix.

Foni yanu ikakhala pa bandulo ya TNM kapena Airtel, nthawi zambiri imabisika kuseri kwa netiweki ya kampaniyo. Zomwe zili poyera ndi router ndi CCTV za pa loji kapena pa shopu, makamaka zomwe adazitsegula kuti bwana aziona malonda ali ku Joni. Mnyamata adaika, adalipidwa, adapita, password ikadali ya kufakitale. Kamera yotereyi akhoza kuionera wina aliyense, alendo anu ali m'kati.

Kulowereredwa kwa makompyuta tidakulawa kale. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Achinyamata ambiri ofuna kupita ku South Africa adangoti kakasi.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA. Pempho langa n'lakuti nthambiyi izitchera ma honeypot pa maadiresi a m'dziko muno, n'kumatiuza m'Chichewa zomwe akukola: makomo ati akugogodedwa, zipangizo ziti zikusakidwa.

Podikira zimenezo, sinthani password ya router ndi kamera lero lomwe, tsekani Telnet, ndipo ikani ma update. Amene adakuikirani zipangizozo mufunseni kuti ndi khomo liti lomwe adalisiya lotsegula.