PA BENCHI: Miyala yonyezimira isakudyereni mpamba

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya miyala, ndiye musathamangire kukulungira bonya tsamba lino musanawerenge.

Tsiku lina bambo wina amene amapikula mtedza ku Nsaru anandikokera kuseri kwa benchi lake n'kumasula kajumbo. Mkatimo munali miyala yotuwa, ina yonyezimira ngati mamba a chambo. "Achimwene, iyi ndi lithium, ya mabatire ija," anatero monong'ona. "Azungu akuisaka ku Kasiya. Ndalowetsapo theka la mpamba." Ine mtima unangoti myuu. Pano patha miyezi itatu, wogula sanatulukire, ndipo foni ya amene anamugulitsa siikupezeka.

Tiyeni tiwongole nkhaniyi. Ku Kasiya chuma chilikodi, koma si lithium. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapezako rutile ndi graphite, ndipo mu 2022 inalengeza kuti rutile wa kumeneko ndi wochuluka kuposa wa malo ena alionse odziwika padziko. Rutile amapangira penti woyera ndi chitsulo cha titanium chopangira ndege. Graphite ndi chakuda chija chili mkati mwa pensulo, ndipo amalowadi m'mabatire a foni ndi a galimoto zamagetsi. Mwina mphekesera ya lithium inabadwira pamenepa. Mu 2023 chimphona cha migodi, Rio Tinto, chinagula magawo 15 pa 100 alionse a kampaniyi. Koma mvetsetsani: m'thumba la makilo 50 la dothi la ku Kasiya, rutile amangokwana theka la kilo basi. Si chinthu chotola m'munda n'kuponya m'jumbo ayi.

Nanga lithium? Iyeyu amabisala m'mwala wolimba wotchedwa pegmatite, mtundu womwewo umene anzathu a ku Mzimba amakumbamo miyala yokongola ya aquamarine. Makampani ena akhala akufufuza lithium kumeneko, koma mgodi wake m'Malawi muno mulibe. Ndipo kumutulutsa m'mwalamo si masewera. Mwalawo amauphwanya, n'kuupera ngati ufa wa kuchigayo, n'kuuthira m'madzi a mankhwala otulutsa thovu kuti tofunikato tiyandame. Akatero amawotcha m'ng'anjo yotentha kupyola madigiri 1,000, kenaka amasakaniza ndi asidi, n'kutsuka, n'kusefa kangapo. Pa makilo 100 a mwala, lithium weniweni kawirikawiri safika ngakhale kilo imodzi. Ng'anjo zambiri zoterezi zili ku China. Ndiye inu ndi kajumbo kanu mulowera khomo liti?

Mesa zimenezi mumazidziwa kale pa mtedza? Wa makoko mtengo wake wina, wosenda wina, koma amene amalemera ndi mwini makina oyenga mafuta. Zimbabwe inaziona. Akampani a ku China atagula migodi ya Bikita ndi Arcadia, anthu wamba anakhamukira m'mapiri ndi mapiki, miyala n'kumatuluka m'dziko pa mtengo wolira. Mu Disembala 2022 boma lawo linaletsa kutumiza kunja mwala wa lithium wosayenga. Kuno nako, mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti miyala ya m'migodi isamatuluke yosakonza. Komanso mtengo wa lithium umavina ngati wa tomato: unakwera mochititsa mantha mu 2022, pofika 2024 unali utagwa ndi magawo oposa 70 pa 100 alionse. Kusiyana kwake n'kwakuti tomato akatsika mtengo mumakathira m'ndiwo.

Ine chimene chikundisowetsa tulo ndi dothi. Akampani akukondwera ndi Kasiya chifukwa chumacho chili pamwamba penipeni, m'dothi lofewa losafuna kuphulitsa ndi mabomba. Eya, ndi zabwino kwa iwo. Koma dothi lofewalo ndi lomwe lija limatipatsa chimanga, soya, mtedza ndi fodya. Matumba amene mumatsitsa m'malole mbandakucha ochokera mbali za kwa Kabudula, Nsaru ndi Nambuma amamera kuchigawo chomwecho. Munda ukasanduka dzenje, mulu wa pabenchi panu ndiwo uyambe kuchepa.

Kunena chilungamo, mu 2024 kampaniyi inakumba dzenje loyesera, n'kulikwirira, n'kudzalapo chimanga pamodzi ndi alimi a komweko, ndipo ikuti chinabereka bwino. Tiyamike. Koma kamunda kachionetsero, kokhala ndi alangizi ndi feteleza wokwanira, n'kosiyana ndi minda ya midzi yambirimbiri pa zaka makumi awiri. Kafunseni anthu a ku Kanyika ku Mzimba, kumene kuli mwala wa niobium. Cha m'ma 2012 anauzidwa kuti asamuka, ambiri anasiya kukonza nyumba ndi kusamala minda podikira chipukuta misozi, mpaka mu 2017 nkhani inakafika kukhoti.

M'nthawi ya matipate ino kufunsa si mlandu. Phungu wanu akabwera pamsika kudzagawa nsalu, mufunseni: anthu osamutsidwa apita kuti, ndipo alandira liti? Mgodi ukayamba, nyemba, mazira ndi tomato wodyetsa antchito adzagula kwa ife kapena adzabwera pa lole kuchokera ku Johannesburg? Pamenepo ndiye pali geni yathu yeniyeni, ndipo ma oda oterewa amafuna gulu lolembetsa ndi malisiti, osati munthu mmodzi ndi dengu.

Za mnzanga uja, dzana ndinadutsa pa benchi lake. Wabwerera ku mtedza, ngakhale miyulu ndi yochepa. Miyala ija waipezera ntchito: wapsinjira pepala la pulasitiki kuti lisauluke ndi mphepo.