Chilembo cha ŵ Chisatayike m'Kaundula

Tiyerekeze kuti mwatumizidwa kukaphunzitsa ku Chitedze. Mwatsegula mndandanda wa ana anu mu Excel, ndipo dzina loti Mwaŵi laoneka ngati MwaÅµi. Wolembayo sanalakwe ayi. Fayilo ya CSV inasungidwa m'njira ya UTF-8, imene imasunga ŵ m'mabayiti 2, koma kompyuta yaiŵerenga m'njira ya Windows-1252, niyesa bayiti iliyonse chilembo pachokha.

Ena amangolemba w wamba kuti ntchito ithe msanga. Ife tikuti kutero nkulakwira mwana. Loŵetsani fayiloyo kudzera pa Data, musankhe UTF-8, ndipo dzinalo lidzabwerera mwakale. Nanga tidzaphunzitsa bwanji ana kulemba Malaŵi molondola ngati ife eni tipotoza maina awo m'kaundula?