Mfumu Ndi Anthu: Phunziro Lochokera ku Newark

Kusankha munthu wolowa m'malo mwa mnzake pa udindo ndi ntchito imene imaulula nzeru za atsogoleri. Ambiri amaganiza kuti akapeza munthu wophunzira, n'kumpatsa kalata ndi ndalama, ndiye kuti ntchito yatha. Koma zimene zidachitika m'masukulu a mzinda wa Newark, m'chigawo cha New Jersey ku America, zikutsimikiza kuti mtsogoleri amene eni malo sadamuvomere amakhala pa mpando ngati mlendo, ndipo ntchito yake imayenda ndi mikangano yokhayokha.

M'chaka cha 1995 Boma la New Jersey lidalanda masukulu a Newark m'manja mwa bungwe losankhidwa ndi anthu a mumzindawo, ponena kuti ana sadali kukhoza ndiponso kuti chuma sichidali kuyenda bwino. Kuyambira pamenepo mkulu woyang'anira masukulu onse ankasankhidwa ndi akuluakulu a chigawo ku Trenton, ndipo bungwe lija lidangotsala ndi mphamvu yolangiza.

M'mwezi wa Sepitembala 1995 utadutsa ndi zaka 15, mu 2010, Bambo Mark Zuckerberg a Facebook adalonjeza kupereka madola 100 miliyoni kuti atukule masukuluwo. Mphatsoyi adailengeza pa wailesi yakanema, pa pologalamu ya Mayi Oprah Winfrey, ali pamodzi ndi Bwanamkubwa Chris Christie ndi Meya Cory Booker. Makolo a ku Newark adamvera pa kanema pomwepo monga wina aliyense, chonsecho ana okhudzidwawo adali awo.

Mu 2011 Bwanamkubwa adaika Mayi Cami Anderson, amene adagwirapo ntchito ya maphunziro ku New York, kukhala mkulu wa masukulu. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kunena zoona mayiwo adadza ndi nzeru zatsopano. Chiwerengero cha ana omaliza sekondale chidakwera m'zaka zimenezo. Komabe kalumo kakuthwa sikametera mwana eni ake asadafunsidwe. Kumapeto kwa 2013 adalengeza dongosolo lotchedwa One Newark, limene lidatseka masukulu ena, kusintha ena, ndi kupatsa kompyuta ntchito yogawa ana m'masukulu. Mabanja ena adapeza kuti ana a bere limodzi atumizidwa ku masukulu osiyana, kutali ndi kwawo. Makolo atakwiya, mayiwo adaleka kufika ku misonkhano ya bungwe la masukulu. Apa ndiye padagona cholakwa chachikulu, chifukwa mtsogoleri wothawa bwalo amakhala wadzitsekera yekha makutu.

Anthu amene amanidwa mau pa bwalo limodzi amakayankhulira pa bwalo lina. Bambo Booker atapita ku Nyumba ya Malamulo ya Senate mu 2013, chisankho cha Meya cha mu Meyi 2014 chidasanduka mlandu wa masukulu. Amene adapambana ndi Bambo Ras Baraka, mbadwa ya Newark, amene adakhalapo mphunzitsi wamkulu wa Central High School, ndipo ankatsutsa poyera ulamuliro wa chigawo. Mu Febuluwale 2015 ophunzira adakhala masiku angapo mu ofesi ya mkulu wa masukulu osatulukamo, ndipo pofika Juni chaka chomwecho Mayi Anderson adatula pansi udindo.

Wolowa m'malo mwawo, Bambo Christopher Cerf, nawonso adaikidwa ndi chigawo, koma adabwera Bwanamkubwa ndi Meya atagwirizana zokonza njira yobwezera masukulu kwa eni ake. Pa 1 Febuluwale 2018 bungwe losankhidwa lidalandiranso mphamvu zake, patatha zaka zoposa 22. Chaka chomwecho lidasankha Bambo Roger León, amene adakulira mu Newark, kuphunzira m'masukulu omwewo, ndi kukwera pang'onopang'ono kuchokera pa uphunzitsi, uphunzitsi waukulu, mpaka kukhala wothandiza mkulu wa masukulu. Munthu woyenera adali pakhomo pomwepo nthawi yonse imene akuluakulu ankayang'ana kutali. Mu 2020 chigawo chidachotsa dzanja lake kotheratu.

Tsono wina asaganize kuti kukhala mwana wapakhomo ndi mankhwala a matenda onse. Mu 2023 anthu a ku Newark adadandaulanso atamva kuti mgwirizano wa ntchito wa Bambo León udawonjezeredwa zaka iwo osauzidwa. Dandaulo lake lidali lomwe lija la mu 2010: zinthu zokhudza ana awo zikuchitikira m'chipinda chotseka. Choncho chimene makolo amakana si mlendo ayi, koma kunyalanyazidwa, ngakhale wowanyalanyazayo akhale mbale wawo.

Aliyense amene ali ndi mphamvu yoika anzake pa maudindo ayenera kutolapo zinthu zitatu. Choyamba, wolowa m'malo amakonzedwa nthawi ikadalipo, pophunzitsa ndi kukweza anthu okhulupirika amene akugwira kale ntchitoyo. Chachiwiri, eni ana ayenera kufunsidwa chinthu chisadachitike, osati kuitanidwa kudzaombera m'manja zimene zatha kale. Chachitatu, woikidwa pa mpando ayenera kupitiriza kufika pa bwalo, makamaka pa tsiku limene mau a anthu ali owawa.

Madola 100 miliyoni adalephera kugula chikhulupiriro cha makolo a ku Newark, chimene mtengo wake udali kukhala nawo pansi ndi kuwamvera. Mfumu ndi anthu, ndipo woiwala zimenezi mpando umamtentha.