Gogo wa m'nyuzi ndi gogo wa ku Mzimba

Inu amene mumakulunga usipa ndi tomato m'nyuzi zakale, tayambani mwawerenga tinkhani topeka ta kumasamba akumapeto musanang'ambe. Muona chinthu chimodzi: nkhalamba ikangolowa m'nkhani, dziwani kuti wina afa. Gogo wake ndi yemweyemweyo, maso psuu, kanyumba kakumapeto kwa mudzi, lichero pambali. Mnyamata wa geni yoyenda bwino wamva mutu, mawa lake maliro, ndime yomaliza gogo waulula. Kwatha.

Makolo sankapeka choncho ayi. Adati Chauta, amene anzathu a ku Embangweni ndi Edingeni amati Chiuta, adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka. Buluzi adanyamuka pambuyo ndi uthenga woti akafa afa basi, n'kumupitirira mnzakeyo panjira. Mwaonamo mfiti m'menemu? Imfa idadza chifukwa cha mthenga wachidodo, ngati minibasi yodikira kudzaza padepoti ya Mzimba. Imfa ankaiopa ndithu, koma mkwiyo unkathera pa kanyama ka mumtengo.

Ife mkwiyo tikuuthira pa anthu. Mu Disembala 2022 mafoni adadzaza ndi kanema wa kumanda kwina m'boma la Mzimba, amayi awiri okalamba akuzunzidwa ndi kukakamizidwa kufotsera manda, ati ndiwo adalodza malemuyo. Ku Neno mu 2016 nkhalamba zinayi zidaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kumutchula munthu kuti ndi mfiti. Sindikuti olemba athu ndiwo adagwira makasu tsiku limenelo. Koma nkhani ukaimva sabata ndi sabata, tsiku la maliro suvutikanso kuganiza, chala chimadziwa kale kolowera.

Chikhala olembawo akufuna mantha enieni, akwere basi akatsike pa Jenda, akhale pafupi ndi gogo wogulitsa timilu ta tomato m'mbali mwa M1. Ana ake ali ku Joni, monga zilili m'makomo ambiri a kuno. Iye watsala ndi adzukulu, munda ndi maondo owawa. Foni ikalira pakati pa usiku mtima uli phaa, poti kangati taona bokosi likubwera pangolo kumbuyo kwa galimoto, lochokera ku Johannesburg? Pamenepo gogo amalira kawiri. Akulira mwana amene amayenera kudzamuika iyeyo, akuopanso maso a anthu pasiwa, amene ayamba kale kuwerengetsa kuti bwanji wa zaka 30 wapita, wa zaka 80 akadadyabe nsima.

Imfa yake yomwe gogoyu saiopa kwenikweni. Ena mwa iwo nsalu yodzawafunditsa adaipinda kale m'sutikesi. Chimene chimamusowetsa tulo n'kuchedwa kufa, n'kutsala yekha pakhonde anthu akumulambalala. Nkhani imeneyi sindidaipezebe m'nyuzi iliyonse imene mwandikulungiramo usipa.