Nsima ya kuseri kwa chigayo ku Chamama

Ndiyambe ndi kuulula mlandu: ine ndinali m'gulu la anthu aja amene akamapita kumudzi amalongedza mabisiketi ndi madzi a m'botolo ngati akupita kuchipululu. Mwezi wa June uno, msuweni wanga atandipempha kuti ndimuperekeze kuchinkhoswe ku Chamama, m'boma la Kasungu, ndinachita zomwezo. Iye anangoyang'ana jumbo yangayo n'kuseka. "Iwe, kumene tikupitaku anthu amadyatu."

Kuchoka ku Lilongwe kukafika pa boma la Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Tinadutsa Lumbadzi kukadali chisisira. Pa Mponela tinaima, msuweni n'kugula kanyenya wa mbuzi, ine n'kukana. Ndinati sindinamve njala, koma chilungamo chake chinali mantha. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chakudya cha m'mbali mwa msewu ndinkachiyang'ana ndi diso lokayika.

Titafika ku Kasungu tinakhotera kum'mawa, msewu wopita ku Nkhotakota, mpaka cha ku Mtunthama kumene kuli sukulu ya Kamuzu Academy ija inatsegulidwa mu 1981. Titasiya tara, dziko linasintha. Minda yatetete, mapesi a fodya atatsala okhaokha, zigafa zaudzu paliponse, ndipo kawirikawiri tinkapatukira malole osenza mabelo opita kumsika wa fodya wa Chinkhoma. Pomafika pa Chamama n'kuti dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mphuno, mabisiketi atatha kalekale.

Malo amene tinadyera alibe chikwangwani. Anatilozera ndi mnyamata wa kabaza: "Pitani kuseri kwa chigayo, mukaona katani ya buluu pakhomo." Mkati munali mabenchi awiri, tebulo loyalidwa pulasitiki, ndi wailesi yolira chapansipansi. Mndandanda wa zakudya kulibe. Umafunsa kuti "Kuli ndiwo zanji?" ndipo mayi a malowo amavundukula mapoto kuti udzionere wekha. Tsiku limenelo kunali nkhuku yachikuda, nyemba, usipa ndi nkhwani wotendera.

Mayiwo anandiona kuti ndikuzengereza. Sanakwiye. Anatenga jagi ndi sopo, n'kundithirira madzi m'manja beseni lili pansi, osati zija zosambira m'beseni limodzi anthu asanu. Kenako anati, "Mwanangu, nsima sindiphikiratu. Khalani pansi mudikire." Ndinaonerera phala likuwira pa nkhuni, ufa woyera ukuthiridwa pang'onopang'ono, mthiko ukuzungulira, mpaka chipande chinayamba kuomola mitanda yofuka nthunzi. Apa m'pamene mtima unakhala pansi. Zimene azaumoyo amatiuza, zoti tizidya chakudya chotentha ndi kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda, ndinaziona ndi maso anga. Malo ena a m'tauni okhala ndi magalasi ndi nyimbo sakulola n'komwe kusuzumira kukhitchini.

Za nkhukuyo ndinene pang'ono, chifukwa ndakhala ndikuiganizira. Inali yolimba, yofuna mano, yophikidwa nthawi yaitali ndi tomato ndi anyezi basi, msuzi wake wochepa koma wogwira lilime. Nkhwani anatendera ndi nsinjiro zosinja mu mtondo, zomveka timibulu ta mtedza. Pambali anaika tsabola wa kambuzi atatu. Ndinadya mmodzi, misozi n'kulengeza, abambo awiri amene anali pa benchi ina n'kufa nacho chiseko. Mmodzi anati, "Asisi, ameneyo timangonunkhiza."

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kope. Abambo aja atamaliza kudya, mmodzi analipira, winayo anangoti, "Mayi, lembani." Mayiwo anatulutsa kope la ana asukulu lothimbirira ndi mafuta, n'kulemba. Nditafunsa, anandifotokozera kuti malonda awo amayendera fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu April, ndalama imaoneka: alimi, oyendetsa malole, amaganyu opakira mabelo, onse amafuna nyama. Koma ikafika January ndi February, fodya ali m'munda, chimanga chisanache, anthu amadya pangongole, ena amangopempha nsima ndi nyemba theka. Amawalembera, podziwa kuti ena adzabweza akagulitsa, ena sadzaonekanso, makamaka matenanti amene amabwerera kwawo nyengo ikatha. "Nanga munthu wanjala ndimubweze?" anatero, uku akupukuta tebulo.

Ife a m'tauni timakamba za mitengo ya fodya ngati nkhani ya pa wailesi. Mabelo akabwezedwa kumsika kapena mtengo ukatsika, sitiganiza kuti kuseri kwa chigayo china kuli mayi amene kope lake silifufutidwa chaka chimenecho, ndipo fizi ya mwana wawo ili m'masamba omwewo. Ndalama imene ine ndinawononga pa mabisiketi ndi madzi ku Lilongwe ikanagula mbale ziwiri pamenepo, n'kutsalako ya thobwa.

Sindikunena kuti paliponse pofuka utsi muziima. Pa ulendo womwewu tinalowa m'tiyirumu ina, tinapeza makapu akutsukidwa m'madzi oti bii, tinatuluka mwaulemu. Koma tsopano ndikudziwa zoyang'ana. Funsani akabaza kapena oyendetsa malole kumene iwo amadya, chifukwa sabwerera kumene anadwalako. Fikani nthawi ya nkhomaliro mapoto akadali pamoto, osati madzulo ndiwo zitazizira. Onani mmene akukusambitsirani m'manja. Ndipo tengani ndalama zing'onozing'ono, chenji imavuta.

Pobwerera Lamlungu ndinaumiriza msuweni kuti tidzerenso konkuja. Tinapeza katani ya buluu yachotsedwa, chitseko chili ndi loko, mwana wina n'kutiuza kuti mayi apita kutchalitchi. Tinayenda ndi njala mpaka pa Mponela, pamene ndinaitanitsa kanyenya ndekha, wochoka pa chiwaya pomwepo. Msuweni sanayankhule kanthu, anangondipatsira mchere.