Dragon Quest XI ndiyo poyambira pabwino

Achinyamata ambiri amene anakulira pa FIFA ndi Mortal Kombat akamva za magemu a ku Japan okhala ndi nkhani yaitali, aja amawatcha JRPG, amachita nawo mantha. Amaona manambala ali mbwee pasikirini, mayina a zida ndi matsenga osawerengeka, ndiye amangoti izi n'za akatswiri. Wina akalimba mtima n'kufunsa kuti ayambire pati, ine ndimamuuza kuti ayambire pa Dragon Quest XI. Ndili ndi zifukwa zake, ndipo zina mwa izo zinayamba kalekale gemu imeneyi isanapangidwe.

Mu JRPG umatenga munthu mmodzi n'kuyenda naye dziko lonse. Umalowa m'midzi, kulankhula ndi anthu, kugula lupanga, kupeza anzako oyenda nawo, kulimbana ndi zilombo, ndipo ukamapambana mphamvu zako zimakwera pang'onopang'ono. Mu magemu ambiri a mtunduwu nkhondo imakhala yolandizana ngati bawo: iwe usewere, mnzako asewere, ndipo chofunika ndi mutu osati changu cha zala.

Dragon Quest yoyamba inatuluka mu 1986 pa makina a Famicom a kampani ya Nintendo. Anaiyambitsa ndi Yuji Horii, zithunzi anajambula Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball, ndipo nyimbo anapeka Koichi Sugiyama. Horii ankakonda magemu a ku America monga Wizardry ndi Ultima, koma ankadziwa kuti mwana wa ku Japan amene sanaonepo zoterezi sangapite nazo patali. Ndiye anachita chinthu chanzeru. Gemu imayamba uli m'chipinda cha mfumu, chitseko chili chokhoma. Kuti utuluke uyenera kulankhula ndi mfumu, kutsegula mabokosi a chuma, kutenga kiyi, n'kutsegula chitseko. Pamene ukutuluka, waphunzira kale zofunika zonse popanda wina kukuphunzitsa. Ukangopha tizilombo tochepa panja, levulo yako yakwera kale, mtima n'kukhala m'malo. Ukagonja suyambiranso pachiyambi: umadzuka kwa mfumu, theka la ndalama zako litapita, koma mphamvu zonse zimene unapeza zili zako.

Nzeru imeneyi inagwira anthu mtima kotero kuti pamene Dragon Quest III inatuluka mu 1988, mizere ya ogula inatalika m'misewu ya Tokyo, ana ena anajomba kusukulu, ndipo gemu inagulidwa makope oposa miliyoni imodzi tsiku loyamba. Pamwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021, nyimbo yoyamba imene inalandira ochita masewera akulowa m'bwalo inali ya Dragon Quest. Ku Japan iyi ndi gemu ya banja lonse, ya agogo ndi adzukulu, ndipo opanga ake sanaiwalepo kuti gawo lililonse limakhala loyamba kwa munthu wina.

Dragon Quest XI inatuluka ku Japan mu 2017, ndipo maiko ena anailandira mu 2018. Nambala 11 isakuopseni. Nkhani yake imayima payokha, simufunika kudziwa za magawo khumi apambuyo. Mumayamba muli mnyamata wa m'mudzi wa Cobblestone, wobadwa ndi chizindikiro padzanja. Tsiku la mwambo wosonyeza kuti mwakula mumakwera phiri ndi mnzanu Gemma ndi galu wake Sandy, ndipo m'njira mumakumana ndi ka Slime, kachilombo kobiriwira ngati thambo, kooneka ngati dontho la madzi, kakumwetulira. Kenako mumauzidwa kuti ndinu Luminary, wosankhidwa kudzapulumutsa dziko, mupite mukaonekere kwa mfumu ya ku Heliodor. Mumapita mukuyembekezera ulemu. Mfumu Carnelian imakutchani mwana wa mdima n'kukuponyani m'ndende. M'menemo mumapeza mbala yotchedwa Erik itakumba kale dzenje lothawira, ndipo ulendo weniweni umayambira pamenepo.

Taonani mmene nkhondo imayendera. Zilombo zimaoneka zikuyendayenda patchire, ndiye mukhoza kuzilambalala kapena kuzithamangira. Nkhondo ikayamba, nthawi yanu yosewera ikafika, pasikirini pamabwera zosankha: kumenya, kuponya matsenga, kugwiritsa ntchito mankhwala, kudziteteza. Gemu imadikira. Mukhoza kuika padi pampando, kukatsegulira mlendo pakhomo, kubwerako, chilombo chija chili pomwepo chikukuyang'anani. Munthu amene zala zake sizinazolowere mabatani sapanikizika. Ngati kulamula anthu anayi nthawi imodzi kukukulemerani, mumauza anzanuwo kuti azimenya okha mwanzeru, kapena wina azingochiritsa ovulala, inu n'kumayang'anira munthu mmodzi basi. Tsiku limene mwaona kuti mwakhwima mumatenga ulamuliro wa onse.

Lamulo lakale lija la kugonja likadalipo. Mdani wamkulu akakugwetsani mungathe kudzuka ku tchalitchi, theka la ndalama litapita, koma malevulo anu ali bwinobwino. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale kulephera kumakusunthirani patsogolo, chifukwa mumabwerera kwa mdani uja muli amphamvu kuposa poyamba. Amene akuopa kutaya chuma amakasungitsa ku banki ya m'tauni asanalowe kuphanga. Mukalakwitsa posankha maluso a munthu wanu, wansembe amakubwezerani mapointi pamtengo wochepa kuti musankhenso.

Chinthu china chimene ndimachikonda kwambiri n'chaching'ono. Mukatsegula gemu pambuyo pa masiku ambiri, imayamba yakukumbutsani m'mawu ochepa pamene nkhani inafika. Mukasokera, mumafunsa anzanu oyenda nawo, iwo n'kukuuzani kolowera, aliyense m'kalankhulidwe kake. Amene anaganiza zimenezi ankadziwa kuti osewera ambiri ali ndi ntchito, sukulu ndi ana, ndipo amasewera mwa apo ndi apo. Gemu imasunganso yokha pamene mwafika m'malo ambiri, chinthu chimene munthu wa kwathu kuno amachiyamikira magetsi akathima mwadzidzidzi.

Akatswiri ena amainyoza. Amati n'njophweka kwambiri, n'njachikale, nkhani yake ya mnyamata wosankhidwa komanso mfumu ya mdima anthu anaimva kambirimbiri. Zakuti n'njophweka sindikutsutsa, makamaka m'chigawo choyamba, ndipo opanga anawaikira anthu oterowo zokhwimitsa zotchedwa Draconian Quest zimene munthu amasankha poyamba penipeni. Woyamba kumene asazikhudze. Koma zakuti nkhaniyo n'njopanda kanthu, pamenepo ndiye ndikukana. Mphamvu ya Horii ili m'tinkhani ting'onoting'ono ta m'tauni iliyonse. Pali mkazi wa m'nyanja, wa mchira wa nsomba, dzina lake Michelle, amene wakhala akudikira msodzi amene anamulonjeza ukwati. Amakutumani kuti mukamufunefune kumudzi wa asodzi wa Lonalulu. Zimene mumakapeza kumeneko n'zowawa, ndipo pobwerera gemu imakusiyirani inu kusankha kumuuza zoona kapena kumunamiza. Palibe lupanga limene lingakuthandizeni pamenepo. Ndipo chapakati pa ulendo wonse nkhani imatembenuka mwa njira imene sindiulula, kotero kuti midzi imene munaidutsa mukuseka mumaionanso ndi maso ena. Mwa anzanu oyenda nawo, Sylvando, katswiri wa zisudzo amene poyamba amaoneka ngati wongosangalatsa anthu, ndi amene amadzakhala ndi mtima waukulu kuposa onse.

Zovuta zenizeni kwa woyamba zilipo ziwiri, ndipo sindizibisa. Choyamba ndi nthawi. Kuti mufike pamene mayina a opanga gemu amadutsa pasikirini pamafunika maola oposa 50, ndipo pambuyo pake pali chigawo china chachikulu chimene chimamaliza nkhani. Ambiri amathera maola oyandikira 100. Maola oyambirira amayenda pang'onopang'ono, muli nokha kapena ndi Erik yekha, ndipo nkhondo zimakhala zongomenya basi. Kukoma kwake kumayamba pamene alongo awiri, Veronica wa matsenga a moto ndi Serena wochiritsa, alowa m'gulu.

Chachiwiri ndi Chingerezi, ndipo ichi chimatikhudza ife kwambiri. Gemu iyi ndi yowerenga. Omasulira anasewera ndi chilankhulo mwaluso: anthu a ku Hotto amalankhula m'tindakatulo tatifupi ta mtundu wa haiku, a ku Gondolia amasakaniza mawu a Chitaliyana, a ku Puerto Valor a Chisipanishi, nkhalamba Rab imalankhula Chingerezi cha ku Scotland, ndipo a pansi pa nyanja amalankhula m'mizere yomveka mofanana kumapeto. Kwa wodziwa bwino chilankhulocho n'zosangalatsa. Kwa amene Chingerezi chake ndi cha m'kalasi, ziganizo zina zimafuna kuwerenga kawiri. Mayina a matsenga nawonso, monga Frizz, Sizz ndi Woosh, sakuuzani okha ntchito yake, muyenera kuwerenga kufotokoza kumene kuli pambali. Ubwino wake ndi wakuti mawu ambiri sachoka pasikirini mpaka mutadina batani, ndiye palibe amene akukuthamangitsani.

Makolo adziwenso kuti ngakhale zithunzi za Toriyama zimaoneka ngati za ana, m'gemu muli nyumba ya juga yosewerera ndalama za m'gemu momwemo, nthabwala zina za akuluakulu, ndi zovala zina za akazi zosalongosoka. Ku Ulaya anaiika m'gulu la azaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino.

Ena adzati bwanji osayambira pa Persona 5 Royal kapena Final Fantasy VII Remake, popeza ndi amene amatchuka. Onsewa ndi magemu abwino. Koma Persona 5 imakupatsani kalendala ya mwana wasukulu wa ku Tokyo, tsiku lililonse muyenera kusankha chochita, ntchito zili ndi masiku omalizira, ndipo woyamba amakhala ndi nkhawa yoti akuwononga nthawi. Mtsogoleri wa gulu akagwa pankhondo, gemu yatha, ngakhale anzake ali moyo. Nkhani zake n'zolemeranso, za nkhanza ndi kuzunza ana asukulu. Final Fantasy VII Remake ya mu 2020 imafuna zala zachangu, imangofotokoza gawo loyamba la nkhani ya mu 1997, ndipo zina mwa zimene imachita zimamveka bwino kwa amene anasewera yakaleyo. Awa ndi a ulendo wachiwiri. Amene anasewerapo Pokémon, kumbali ina, adziwe kuti analawa kale JRPG, ndipo Dragon Quest XI sadzaiona yachilendo.

Pogula, funani imene ili ndi chilembo S kumapeto kwa dzina, Dragon Quest XI S. Inayamba kutuluka pa Nintendo Switch mu 2019, kenako pa PlayStation 4, Xbox One ndi pakompyuta mu 2020. Ili ndi nkhani zowonjezera za anzanu oyenda nawo, nyimbo zoimbidwa ndi gulu lenileni la zoimbira, mwayi wofulumizitsa nkhondo, komanso mwayi wosewera gemu yonse m'zithunzi zachikale zooneka ngati za m'ma 1990. Musanatulutse ndalama, kampani ya Square Enix inaika gawo loyeserera laulere lotenga maola pafupifupi 10, ndipo mukadzagula gemu yonse mumapitiriza pomwe munasiyira. Fayilo yake ndi yaikulu, idya bandulo, ndiye ndi bwino kupanga dawunilodi pamalo pamene pali WiFi. Sewerani mpaka Veronica ndi Serena atalowa m'gulu, mumenye nawo nkhondo zingapo mukuwalamula nokha, kenako muone ngati mtima ukufuna kudziwa zimene zili kutsogolo, ku mzinda wotsatira wa Gallopolis.